Matenda a Anthu Ena: Eula Biss ndi Kubwerera kwa Chikuku ku America

M'chaka cha 2000 dziko la United States linalengeza kuti lathana ndi chikuku. Sankatanthauza kuti palibenso amene adzadwale. Ankatanthauza kuti kachilombo kake kasiya kuyenda pakati pa anthu a m'dzikomo: mlendo akabwera nako kuchokera kunja, kamagwira awiri atatu n'kuzima, chifukwa kulikonse komwe kalowera kakupeza anthu obayitsa katemera. Ili ndi dziko lomwe, katemera wa chikuku asanabwere mu 1963, anthu 3 mpaka 4 miliyoni ankadwala matendawa chaka chilichonse, pafupifupi 48,000 n'kugonekedwa m'chipatala, 400 mpaka 500 n'kumwalira.

Patapita zaka 25, kumayambiriro kwa 2025, chikuku chinabuka m'boma la Gaines kumadzulo kwa Texas, makamaka pakati pa mabanja a mpingo wa Mennonite. Pomwe akuluakulu a zaumoyo ankanena mu August kuti mliriwo watha, n'kuti anthu 762 atadwala ku Texas kokha. Atsikana awiri, wina wa zaka 6 wina wa zaka 8, onse osabayitsa, anamwalira, ndipo munthu wamkulu mmodzi anamwalira ku New Mexico. Chaka chisanathe, odwala m'dziko lonse anapitirira 2,000, chiwerengero chomwe chinali chisanaoneke kwa zaka zoposa 30. Mu November chaka chomwecho, Canada inachotsedwa pa mndandanda wa mayiko omwe anathetsa chikuku.

Gwero la vutoli likuoneka m'kaundula wa sukulu. M'chaka cha maphunziro cha 2019 mpaka 2020, ana 95 pa 100 alionse oyamba sukulu anali atalandira katemera wa chikuku. Pofika 2024 mpaka 2025 anali 92.5. Wosachidziwa chikuku anganene kuti n'zochepa izi. Koma chikuku chimafala moposa pafupifupi matenda ena onse. Wodwala akatuluka m'chipinda, kachilombo kamatha kutsala mumpweya mpaka maola awiri, ndipo mwa anthu 10 osatetezedwa omwe ayandikana naye, 9 amadwala. N'chifukwa chake pamafunika 95 pa 100 kuti kasowe podutsa. Kuwonjezera apo, osabayitsawo sanamwazikane mofanana m'dziko lonse. Amakhala moyandikana, amapemphera limodzi, ana awo amaphunzira m'kalasi imodzi. Ku Gaines, ana oyamba sukulu obayitsa anali pafupifupi 82 pa 100. Maganizo a anthu nawonso asintha: bungwe la Gallup linapeza kuti mu 2001 anthu 64 pa 100 ankati n'kofunika kwambiri zedi kuti makolo azibayitsa ana, koma mu 2024 onena choncho anali 40 okha.

Mu 2014, zinthu zisanafike apa, mlembi wa ku America, Eula Biss, anatulutsa buku lotchedwa On Immunity. Iyeyo si dokotala. Dokotala ndi bambo ake. Biss ankaphunzitsa luso lolemba pa Northwestern University kufupi ndi Chicago, ndipo ankadziwika kale ndi buku la mu 2009, Notes from No Man's Land, lomwe linapata mphoto ya National Book Critics Circle. Limenelo ndi buku la nkhani za khungu, lolembedwa ndi mzungu wofuna kudziwa zomwe uzungu wake unamupatsa asanazikhetsere thukuta, komanso amene anazilipira. Nkhani yoyamba m'menemo imayamba ngati mbiri wamba ya mitengo ya mawaya a telefoni. Biss anafufuza m'nyuzipepala zakale za New York Times kuti aone momwe mitengoyi inafalikira, ndipo anakumana ndi malipoti otsatizana a anthu akuda omwe magulu a azungu ankawapachika pamitengo yomweyo. Amene anawerenga nkhani imeneyo sangadabwe kuti mlembi yemweyu, atafika pa katemera, sanaime pa sayansi pokha. Anafunsanso kuti kodi thupi lomwe likutetezedwa ndi la yani, nanga lomwe likuyesedwa gwero la matenda ndi la yani.

Mwana wake anabadwa mu 2009, chaka cha chimfine cha H1N1, amayi anzake akukangana ngati katemera watsopanoyo ndi wodalirika. Iye mwini anali ndi mantha ndipo sabisa. Mphamvu ya buku la On Immunity ili pamenepa: sanalilembe ngati wophunzira wodzudzula mbuli. Analilemba ngati mayi yemwe anakhalapo maso usiku akumvetsera kupuma kwa khanda, kenako n'kuyamba kufufuza komwe mantha akewo akuchokera.

Nkhani imodzi m'bukuli ndiyo yanyamula zonse. Mwana asanabadwe, Biss anapita kukaonana ndi dokotala wa ana, n'kumufunsa za katemera wa hepatitis B, matenda a chiwindi, yemwe ku America ankaperekedwa khanda likangobadwa. Dokotalayo anamuuza kuti asavutike nazo. Katemera ameneyo, anatero, ndi wa ana a m'madera osauka a m'mizinda, ana a amayi oyendayenda ndi a anthu odzibaya mankhwala osokoneza bongo, osati wa anthu onga iye. Mbiri ya mayiyu dokotalayo sankaidziwa. Anangoona zomwe maso amaona, n'kugamula kuti matendawa ndi a anthu ena. Mwanayo sanabayidwe pobadwa. Koma kubereka kunavuta, Biss anataya magazi ambiri, ndipo anamuika magazi a munthu wina. Analowa m'chipatala akuwerengedwa kuti sali pachiopsezo, anatuluka ali ndi magazi a munthu yemwe sadzamudziwa mpaka kalekale. Magazi amayezedwa asanaperekedwe, choncho ngozi yeniyeni inali yaing'ono kwambiri. Chomwe chinamutsegula maso n'chakuti malire omwe dokotala anaika pakati pa iye ndi anthu enawo anafafanizika m'maola ochepa, iye asanasankhe kanthu.

Mbiri ya katemera ameneyu ikutsimikizira zomwezo. Atabwera mu 1981, ankaperekedwa kwa magulu okha omwe ankati ali pachiopsezo. Matendawa sanatsike. Ambiri omwe ankawatenga sankadziwa komwe awatenga, ndipo munthu sapita kuchipatala kukadzilembetsa yekha m'gulu lonyozeka. Mu 1991 njira inasintha: khanda lililonse lizilandira, la olemera ndi la osauka lomwe. Kuchokera pamenepo matendawa pakati pa ana anatsika ndi pafupifupi 99 pa 100. Anthu omwe ali pachiopsezo anatetezedwa pokhapokha omwe amadziona ngati otetezeka atavomera kubayidwa nawo.

Biss anatchulanso kafukufuku wa akatswiri a CDC, bungwe la boma loona za matenda, yemwe anatuluka mu 2004. Anapeza kuti ana opanda katemera wokwanira ali m'magulu awiri osiyana kutalitali. Ana omwe sanabayidwepo n'kamodzi komwe ambiri anali azungu, amayi awo okwatiwa, ophunzira mpaka ku koleji, banja lopeza ndalama zoposa madola 75,000 pa chaka. Ana omwe analandira katemera wina koma osamaliza, ambiri anali akuda, amayi awo achichepere, osakwatiwa, okhala mu umphawi. Gulu loyamba linakana. Lachiwiri silinakane, linangolephera: basi yasowa, abwana akaniza tchuthi, banja lasamuka nyumba. Ndipo kachilombo kakalowa kudzera mwa mwana wa gulu loyamba wochokera ku tchuthi kunja kwa dziko, monga zinachitikira ku San Diego mu 2008 pomwe mwana wosabayitsa anabwera nacho chikuku kuchokera ku Switzerland, omwe amakhala pangozi ndi ana osamaliza katemera, ndi makanda omwe sanakwanitse chaka chimodzi, msinkhu womwe katemera wa chikuku amayambira ku America.

Chitetezo cha katemera chili ngati mjigo wa m'mudzi. Mabanja awiri atatu akasiya kusonkha ya kukonzetsa, madzi amatulukabe ndipo iwonso amatunga, mpaka amayamba kuganiza kuti kusonkhako kunalibe ntchito. Osasonkha akachuluka mjigo umafa, ndipo woyamba kuvutika ndi nkhalamba yomwe singathe kupita kumtsinje. Dokotala wina wotchuka wa ku California, Robert Sears, yemwe buku lake la mu 2007 linapatsa makolo ndandanda yochedwetsera katemera, ankaidziwa bwino mfundoyi, moti analangiza makolo okana katemera wa chikuku kuti asamauze anansi awo za mantha awo, kuopa kuti okana angachuluke matenda n'kubwerera. Biss anaudzudzula uphungu umenewu, ndipo anachita bwino. Ndi uphungu wa munthu wodziwa kuti mwana wake akutetezedwa ndi ana a anzake, koma wosafuna kubweza.

Kale zinali zosiyana ndi izi. Mu 1898 nthomba itabuka ku Middlesboro m'chigawo cha Kentucky, azungu ankati ndi matenda a anthu akuda, ndipo onse okhala kudera la anthu akuda anakakamizidwa kulandira katemera, okana akulozedwa mfuti. Ku New York mu 1901 apolisi ankaperekeza obaya katemera kulowa m'nyumba za anthu ochokera ku Italy. Nthawi imeneyo matupi a osauka ndiwo ankagwiritsidwa ntchito poteteza olemera. Boma la America linadzaphunzira njira yabwino patapita zaka zambiri, litawawidwa. Pakati pa 1989 ndi 1991 chikuku chinagwira anthu pafupifupi 55,000 n'kupha oposa 120, ambiri mwa odwalawo ali ana aang'ono a mabanja osauka a m'mizinda, akuda ndi olankhula Chisipanishi. Yankho linali ndondomeko ya Vaccines for Children, yomwe inayamba mu 1994, yopereka katemera waulere kwa ana a mabanja osowa. Mpata wa pakati pa ana akuda ndi azungu unachepa kwambiri, ndipo chilengezo cha 2000 chija chinatheka mwa zina chifukwa cha ichi. Chomwe chikugwa lero ndi chinthu chomwe chinamangidwa dala, ndi ndalama za boma, ndipo chinagwira ntchito.

Pali mantha ena omwe sayenera kuikidwa mtanga umodzi ndi a makolo olemera aja. Kuyambira 1932 mpaka 1972, nthambi ya zaumoyo ya boma la America inkatsatira amuna akuda 600 ku Tuskegee m'chigawo cha Alabama, 399 mwa iwo ali ndi chindoko, kuti ione momwe matendawa amawonongera thupi akapanda kuchizidwa. Penisilini atapezeka, sanawapatse. Boma linapepesa mu 1997, kudzera mwa Pulezidenti Bill Clinton. Mu 1951 madokotala a pachipatala cha Johns Hopkins anatenga maselo a Henrietta Lacks, mayi wakuda wodwala khansa, osamupempha. Mpaka lero mayi wakuda ku America ali ndi mpata wochuluka pafupifupi katatu womwalira chifukwa cha uchembere poyerekeza ndi mzungu. Ku Kano m'dziko la Nigeria, mu 1996, kampani ya Pfizer inayesa mankhwala a Trovan pa nthawi ya mliri wa matenda oumitsa khosi. Mwa ana 200 a m'kafukufukuyo, 11 anamwalira. Kampaniyo inakana kuti inalakwa, koma mu 2009 inavomera kulipira madola 75 miliyoni. Mu 2003 atsogoleri a kumpoto kwa Nigeria ataimitsa katemera wa poliyo ponena kuti ndi chiwembu chotseketsa Asilamu kubereka, anthu anali ndi chokumbukira. Mphekeserayo inali yabodza, ndipo poliyo anafalikira m'mayiko pafupifupi 20. Mu 2011 bungwe la akazitape la America, CIA, linakonza kampeni yonama ya katemera ku Abbottabad m'dziko la Pakistan pofufuza Osama bin Laden, ndipo m'zaka zotsatira ogwira ntchito yobaya katemera ambiri anaphedwa kumeneko.

Munthu wokhala ndi mbiri yotere akakayika, sapenga. Koma mbiriyo iyenera kuwerengedwa bwino. Ku Tuskegee anthu sanabayidwe chinthu choipa. Anamanidwa mankhwala omwe ena ankalandira. Cholakwa chachikulu chomwe azaumoyo achitira anthu akuda ku America nthawi zambiri chakhala kumana. Ndipo nzeru yoteteza munthu pomupatsa pang'ono za matendawo si yachilendo kwa anthu akuda. Amene anauza m'busa Cotton Mather wa ku Boston za njira yotemera nthomba anali Onesimus, kapolo wochokera ku Africa, yemwe anatemeredwa ali kwawo. Nthomba itabuka mu 1721, mwa otemeredwa anafa pafupifupi 2 pa 100, pomwe mwa odwala mwachibadwa anafa pafupifupi 14 pa 100. Ambiri ku Boston anaikana njirayo, ena pa chifukwa choti yachokera kwa anthu akuda.

Zomwe zakula kuyambira pamene Biss analemba ndi malonda a mantha amenewa. Chitsanzo chowawa ndi cha Asomali a ku Minnesota. Mu 2004, ana awo 92 pa 100 anali obayitsa katemera wa chikuku, kuposa ana ena a m'chigawocho. Cha m'ma 2008 makolo anayamba kuda nkhawa poona ana awo ambiri akupezeka ndi autism, vuto lomwe ambiri sankalidziwa kwawo. Funso lawo linali loona ndipo linafunika yankho lachangu. Ofulumira kufika anali olimbana ndi katemera, kuphatikizapo Andrew Wakefield, dokotala wa ku Britain yemwe lipoti lake la mu 1998 la ana 12 okha linayambitsa bodza loti katemera wa chikuku amayambitsa autism. Magazini ya The Lancet inalichotsa lipotilo mu 2010, ndipo chaka chomwecho iye analandidwa chilolezo cha udokotala, komabe anapita ku Minneapolis kukakumana ndi makolo a Chisomali. Pofika 2014 obayitsa anatsika kufika pa 42 pa 100. Mu 2017 chikuku chinagwira anthu oposa 70, ambiri ali ana a Chisomali. Kafukufuku wa ku Denmark wa mu 2019, wa ana oposa 650,000, sanapeze mgwirizano uliwonse pakati pa katemerayu ndi autism, monganso ena ambiri am'mbuyo mwake. Makolo aja anatsala ndi funso lawo losayankhidwa, ataonjezeredwa chikuku.

Mu 2021, mliri wa Covid-19 uli pakati, bungwe la Children's Health Defense, lomwe pa nthawiyo linkatsogozedwa ndi Robert F. Kennedy Jr., linatulutsa filimu ya Medical Racism: The New Apartheid, yolunjika kwa anthu akuda. Inatenga Tuskegee ndi nkhanza zina zenizeni n'kuzisandutsa chifukwa chokanira katemera, pa nthawi yomwe anthu akuda ankafa ndi matendawa mochuluka kuposa azungu. Kumeneku n'kubwereka chilonda cha mnzako kuti upemphere thandizo lako.

Apa ndi pamene buku la Biss likuperewera, ngakhale sindikumuimba mlandu pa zomwe zinali zisanachitike. Anthu omwe ankawalembera anali amayi onga iye: ophunzira, a m'mizinda, ogula zakudya zopanda mankhwala, okayikira makampani akuluakulu, ofuna kuti thupi la mwana likhale loyera losakhudzidwa ndi chilichonse chopangidwa. Ankakhulupirira kuti mayi wotere ukamumvetsera modekha, n'kumuonetsa kuti palibe thupi loyera lodziimira palokha, ndiponso kuti mwana wa mnzako ndi wako yemwe, angathe kusintha. Kwa kanthawi zinkaoneka ngati zitheka. Chikuku chitabuka ku malo achisangalalo a Disneyland ku California kumapeto kwa 2014, bukuli linawerengedwa kwambiri, ndipo mu 2015 California inathetsa lamulo lolola makolo kukana katemera pa zikhulupiriro zawo. Koma Covid-19 inasamutsa nkhani yonse. Mu September 2021 bungwe la KFF linapeza kuti akuluakulu obayitsa anali 71 pa 100 mwa azungu, 70 mwa akuda, 73 mwa olankhula Chisipanishi. Anthu akuda, okumbukira za ku Tuskegee, omwe aliyense ankati akana, anakayika, anafunsa, mipingo ndi madokotala awo anawayankha, ndipo anabayitsa. Mpata waukulu unali kwina: 90 pa 100 mwa otsatira chipani cha Democratic, 58 mwa a Republican. Katemera anasanduka chizindikiro cha mbali yomwe munthu ali. Mantha ungathe kuwayankha ndi umboni komanso ulemu. Munthu akamakana kuti anzake amudziwe kuti ndi wawo, umboni umangomulimbitsa, chifukwa kuvomera kwasanduka kupandukira abale.

Mabanja a ku Gaines nawonso tisawaweruze mopupuluma. Mpingo wa Mennonite suletsa katemera m'chiphunzitso chake. Ambiri mwa anthuwa amalankhula Chijeremani chakale, anayenda mibadwo yambiri kuchoka dziko lina kupita lina pothawa maboma olowerera m'moyo wawo, ndipo amakhala patali ndi zipatala ndi maofesi. Madera otere analipo kale, ngakhale mu 2000. Chinkawateteza ndi anthu owazungulira, omwe anali obayitsa mokwanira, komanso boma lomwe linkalankhula mawu amodzi mliri ukabuka. Zonse ziwirizi zafooka.

Mu February 2025, mwezi womwe mtsikana woyamba anamwalira ku Texas, Kennedy analumbiritsidwa kukhala nduna ya zaumoyo ya dziko lonse. Mu June anachotsa mamembala onse 17 a komiti ya ACIP, yomwe imalangiza boma za katemera, n'kuikamo omwe anawasankha yekha. Mwezi womwewo analengeza kuti America isiya kuthandiza Gavi, mgwirizano womwe umagulira katemera mayiko osauka, komwe inkapereka pafupifupi madola 300 miliyoni pa chaka. Mantha omwe Biss anawapeza m'makambirano a amayi tsopano ali ndi ofesi ndi chidindo.

Pa Gavi ndi pamene nkhaniyi imatikhudza ife mwachindunji. Katemera wambiri yemwe mwana amalandira ku sikelo m'Malawi muno, pa masabata 6, 10 ndi 14, komanso wa malungo yemwe Malawi inali yoyamba kumupereka mu April 2019, amadalira ndalama za mgwirizano umenewu. Chikuku sitichimvera pa wailesi pokha. Mu 2010 chinagwira anthu pafupifupi 134,000 m'dziko muno n'kupha oposa 300. Amayi omwe anadwazika chaka chimenecho akukumbukira mwana wotentha thupi ngati moto, maso ofiira osatha kuyang'ana kuwala, chifuwa chosalekeza, totupa toyambira kumaso n'kutsikira thupi lonse, kenako kubanika kwa chibayo pamene aliyense akuganiza kuti zayamba kupepuka. Mu February 2022 kunalengezedwa kuti mwana wa ku Lilongwe wapuwala ndi poliyo, koyamba m'dziko muno kuyambira 1992, ndipo kachilomboko kanapezeka kuti n'kochokera ku Pakistan, limodzi mwa mayiko awiri omwe kanatsalira, komwe kukayikira katemera kwakhala kukulepheretsa ntchito yokathetsa. Ifenso tili ndi okana athu, ena pa chipembedzo, ena pa mphekesera, ndipo nthawi ya Covid-19 mauthenga ambiri omwe ankazungulira pa WhatsApp anali ochokera kunja. Kusiyana kwake n'kwakuti alangizi a zaumoyo a kuno ankatha kuyankha kuti mayiko opanga katemerawo amabaya ana awo omwe. Lero wokana angathe kuloza nduna ya zaumoyo ya ku America ngati mboni yake, ndipo mlangizi woyenda pa njinga ndi bokosi la katemera ayenera kutsutsana ndi mawu amenewo pamaso pa anthu a m'mudzi.

Mwa zonse za mu 2025, chomwe chikundidetsa nkhawa kwambiri chinachitika pa 5 December. Komiti yatsopano ya ACIP inavota, 8 kwa 3, kuthetsa langizo la mu 1991 loti khanda lililonse lizilandira katemera wa hepatitis B pobadwa. Inati ana a amayi omwe apezeka ndi kachilomboka, kapena omwe sanayezedwe, azilandirabe, koma kwa ena onse makolo azisankha okha. Oikira kumbuyo ganizoli amaloza mayiko monga Denmark, omwe sabaya makanda onse. Koma ku Denmark pafupifupi mayi aliyense woyembekezera amayezedwa ndi kutsatiridwa ndi chipatala cha boma chaulere. Ku America amayi ena amafika tsiku lobereka osayezedwa bwino, zotsatira zimasochera kapena kulembedwa molakwika, ndipo khanda lingathe kutenga kachilomboka kwa wachibale wa m'nyumba yemwe sakudziwa kuti ali nako. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti khanda lililonse lizibayidwa m'maola 24 oyamba. Komitiyo inabwerera ku njira yomwe inalephera pakati pa 1981 ndi 1991, yosankha kuti uyu ali pachiopsezo uyu ayi. Zomwe dokotala uja anauza Biss m'chipinda chake, zoti matendawa ndi a anthu ena, zinalembedwa ngati uphungu wa dziko.

Chikuku chimaonekera msanga. Katemera akatsika chaka chino, odwala amadzaza m'zipatala chaka chamawa, atolankhani amafika, ndipo makolo ena amathamangira kukabayitsa, monga anachitira ambiri ku Texas. Hepatitis B sichita phokoso chotero. Khanda likatenga kachilomboka limaoneka labwinobwino, koma 9 mwa makanda 10 otere amakhala nako moyo wonse, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anayi amadzafa msanga ndi khansa kapena kuuma kwa chiwindi. Ana omwe aphonyedwe chifukwa cha voti imeneyi adzadziwika m'zaka za m'ma 2050 ndi 2060, ali ndi mabanja awo, ndipo ambiri adzachokera m'mabanja omwe mayi sanapeze mwayi woyezedwa bwino ali woyembekezera.